Kodi Fountains Abbey anaigumula ndani?

Mayi wina amene akugwira ntchito ku Leeds wanditumizira imelo, akuti anakaona mabwinja a Fountains Abbey, nyumba yakale ya amonke kufupi ndi Ripon ku England, ndiye akufunsa kuti tchalitchi chachikulu chonchija chinagwa bwanji, inali nkhondo kapena moto?

Mayi, moto unabukadi mu 1146 pomwe anthu olusa anatentha malowa pa mkangano wa yemwe akhale arkiepiskopi wa ku York, koma amonke anamanganso. Amene anathetsa zonse ndi mfumu, ndipo chomwe chinaikopa ndi chuma.

Koma tiyambe kaye ndi chiyambi chake poti ine ndi pomwe pamandikhudza. Mu 1132 amonke 13 anachoka ku St Mary's Abbey ya ku York atakangana ndi anzawo, iwowa amati moyo wafewa kwambiri, malamulo a Benedikito Woyera sakutsatidwa. Arkiepiskopi Thurstan anawapatsa malo m'chigwa cha mtsinje wa Skell, mwezi wa Disembala, inu mukudziwa m'mene kumazizirira ku Yorkshire nthawi imeneyo, ndiye tangoganizani anthu opanda nyumba yeniyeni, chakudya chochepa, koma osabwerera. Kenako analowa chipani cha Cistercian chomwe chinali chokhwima zedi.

Chuma chinabwera ndi nkhosa. Panali abulazala ambirimbiri osakhala ansembe omwe amaweta, kulima ndi kumanga, ubweya nkumagulitsidwa mpaka kunja kwa England. Anthu omwe anathawa moyo wofewa aja anasanduka amodzi mwa amonke olemera kwambiri m'dzikomo. Mliri waukulu wa mu 1348 ndi 1349 unapha antchito ambiri, komabe malowa anadzukanso, moti nsanja yaitali munaiona ija anamanga ndi Marmaduke Huby, mkulu wa amonke kuyambira 1495 mpaka 1526.

Patangopita zaka 13 Huby atamwalira, mu 1539, Mfumu Henry VIII yomwe inali itasemphana ndi Papa inatseka malowa monga inachitira ndi nyumba zina za amonke. Amonke anapatsidwa penshoni nkubalalika. Mu 1540 malo anagulitsidwa kwa Sir Richard Gresham, ndiye anayamba kusasula mtovu wapadenga ndi matabwa nkumagulitsa, ndipo nyumba ikachotsedwa denga mvula ndi chisanu zimamaliza zokha. Miyala ina anamangira Fountains Hall yomwe ili pambalipo. Izi ndi zomwe zimandiwawa, zaka zoposa 400 za mapemphero usana ndi usiku kuthera pa mtengo wa mtovu.

Pano akusamalira ndi a National Trust, bungwe losamalira malo akale, kuyambira 1983, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1986. Mukadzapitanso mudzalowe m'chipinda chachitali chapansi chokhala ndi mizati chija, momwe abulazala amasungira zakudya, komanso musadzaiwale chigayo chawo, chikadalipo pafupi ndi mtsinje.