Siavonga, Livingstone kapena Mfuwe, nanga mwana wa Giredi 11 uja?

Sabata ino makalata ambiri anali a zibwenzi za mseri ndi mafoni okiya monga mwa masiku onse, koma ndawaika pambali dala. Ndatenga iyi ya amai a ku Chelstone, muiwerenge bwino mpaka kothera.

"Amai alangizi, ndine mai wa zaka 54, ndikhala ku Chelstone ndi amuna anga amene anapuma pa nchito chaka chatha. Atate akunyumbawa ali ndi asima ndiponso maondo amawawa maningi ikafika Juni ndi Julayi, usiku sagona amangokhosomola mpaka kucha. Manje akuti atopa nayo mphepo ya mu Lusaka afuna tigulitse nyumba tikakhale kumalo kotentha. Vuto ndi lakuti anapita okha ku Siavonga osandiuza, ananama kuti apita ku maliro a mnzawo ku Kafue, pobwera ndinapeza kapepala mu thumba la jekete koonetsa kuti analipira K30,000 ya puloti kwa munthu wina wake. Nditafunsa anati mutu wa banja ndine, iwe longeza chabe. Ine kusamuka sindikana chifukwa ndimawamvera chisoni akamabanika, koma mtima wanga uli ku Livingstone kumene kuli mwana wathu woyamba ndi adzukulu, olo ku Mfuwe kufupi ndi kwathu pakuti tonse ndife a ku Katete. Ana athu atatu onse anakula ali paokha ndiye palibe chotimanga, mtsikana wa malemu mng'ono wanga amene timakhala naye ali Giredi 11 tizamubweza kumudzi kwa ambuya ake. Chonde ndithandizeni, tauni yabwino ndi iti pa atatuwa, ndipo ndiwauze bwanji amuna anga kuti anandilakwira popanda kuoneka mkazi wamwano?"

Amai, za amuna anu sinditaya nazo nthawi yambiri. Analakwa, ndipo asima siipatsa munthu chilolezo chonamizira maliro. Munthu wamkulu wa adzukulu kupha mnzake ndi pakamwa kuti akalipire puloti mobisa, ai, zimenezo muitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri muziike poyera pamodzi ndi kapepala kaja, ndipo kukamba zoona pamaso pa ankhoswe si mwano. Mufufuzenso kuti taitolo ya nyumba ya ku Chelstone ili pa dzina la ndani. Ngati muona kuti angaigulitse inu muli ku tchalitchi, pitani ku Legal Aid Board, ofesi ya boma yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, mukafunse za caveat imene imaikidwa ku ofesi ya za malo kuti nyumba isasinthe dzina inu osadziwa. Za puloti ija, malo ambiri kunja kwa matauni ali m'manja mwa mafumu, ndipo kuti akhale anuanu pa pepala pafunika chilolezo cha mfumu ndi khonsolo, kapepala kolemba ndi bolopeni ka "munthu wina wake" sikatanthauza kuti muli ndi malo.

Manje za matauni anu aja. Lusaka imazizira chifukwa ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye mu Juni ndi Julayi usiku kumatsika pansi pa madigiri 10. Siavonga ili m'chigwa m'mbali mwa nyanja ya Kariba, mamita pafupifupi 500 chabe, makilomita ngati 200 kuchoka muno. Nthawi yozizira kumakhala bwino shuwa, ndipo ndikhulupirira amuna anu anapitako nyengo imeneyo n'kugona usiku umodzi osakhosomola mtima n'kugwa pomwepo. Koma m'chigwa cha Zambezi mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe kumafika madigiri 40, usiku nyumba ya malata siizizira, ndipo kwa munthu wachikulire maka wa BP kutentha kotere kumaopsa kuposa mphepo imene akuithawa. Azati tizagula fani. Fani ifuna malaiti, ndipo tonse tikumbukira 2024 pamene chilala chinatsitsa madzi mu Kariba yemweyo dziko lonse n'kumakhala mu mdima pafupifupi tsiku lathunthu. Onjezani malungo, amene mu Lusaka ndi ochepa koma m'chigwa alipo, ndipo thupi limene lakhala mu tauni zaka makumi limawamva kwambiri. Madzi a m'nyanja muli ng'ona ndi likodzo. Chifuwa chikabanika kwambiri usiku chipatala chaching'ono n'kulephera, ndi ulendo wa maola ngati atatu kukwera mapiri kubwerera ku Lusaka komwe mwathawaku.

Livingstone ndikuuzeni mosabisa, masana kumatentha koma usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira monga muno, nthawi zina kuposa. Ndiye ngati nkhani ndi chifuwa cha amuna anu, makilomita 470 amenewo muzayenda pachabe. Inu mufuna Livingstone chifukwa cha adzukulu, ndipo ndi chifukwa chabwino, chikambeni choncho osachibisa mu nkhani ya mphepo. Chipatala chachikulu chiliko, pamenepo ipambana enawo. Mfuwe ndi m'chigwa cha Luangwa, kotentha ngati Siavonga, ndi Akunda muzamvana bwino pa chilankhulo, koma njovu zimalowa m'minda ndipo chipatala chachikulu ndi ku Chipata, mtunda woposa makilomita 100.

Ndipo musanapite kulikonse, nyumba yanu ili ndi siling'i? Mbaula mumailowetsa ku chipinda mawindo otseka? Utsi wa malasha umautsa asima ndiponso umapha anthu ali m'tulo chaka chilichonse. Apite ku kiliniki akawaone bwino, akhale ndi inhela yawo, mwina theka la vutoli lizathera pa Chelstone pomwepo.

Koma chimene ndatengera kalata yanu si matauni ai.

Mwandiuza zaka zanu, maondo a amuna anu, ndalama imene inatuluka, thumba la jekete, kumene kuli adzukulu. Mwana amene mugona naye nyumba imodzi mwamupatsa theka la mzere, ndipo mwamuika kumbuyo kwa mau akuti palibe chotimanga. Simunandiuze zaka zake, kaya amakhoza bwanji mu kilasi, kaya afuna kuzakhala ndani, kaya nkhani ya kusamukayi anaimva kwa inu kapena anaimvera ku khichini akutsuka mbale. Ndikufunseni amai, pamene amuna anu akhosomola usiku, amene amadzuka kufunditsa madzi ndani? Amene amachapa mabulangeti aja m'madzi ozizira mu Julayi asanathamangire ku sukulu ndani? Ndikhulupirira yankho muli nalo.

Mwakwiya chifukwa munthu anapanga chiganizo cha moyo wanu osakufunsani n'kukuuzani kuti longeza chabe, ndipo muyenera kukwiya. Koma inu mwapanga zomwezo kwa mwanayu, mwamusankhira kale kopita, mwalembera ine mlendo, iye mwini sakudziwa. Amuna anu akusamutsani inu kupita ku nyumba ina muli ndi zaka 54 moyo munaumanga kale, inu mukumuchotsa mwana pa sukulu patatsala chaka chimodzi kuti alembe Giredi 12.

Akanakhala mwana wanu wachitatu amene ali Giredi 11, nkhani ya kusamuka ikanayamba n'komwe? Mukanawauza amuna anu kuti atate, valani majuzi awiri mpaka mwana alembe mayeso, ndipo palibe akanati ndinu wamwano.

Nkhani iyi imandiwawa kwambiri ndipo ndizaikamba mpaka anthu atope nane. Yendani mu Matero, mu Chawama, mu Kabwata, olo kuseri kwa mipanda ya ku Kabulonga, nyumba zambiri muzapezamo mwana wotere. Anabwera pambuyo pa maliro. Tsiku lija abale atakhala pansi kugawana zovala za malemu, wina wa ku tauni anaimirira n'kunena kuti uyu ndizamutenga ine ndikamuphunzitse, anthu n'kuombera m'manja kuti mwana wapeza pogwira. Afika mu Lusaka, ndiye woyamba kudzuka ndi wothera kugona, alendo akabwera amamuonetsa ngati wothandiza pakhomo, pa chithunzi cha banja ndiye amagwira foni kujambula enawo. Ndipo zinthu zikangosintha, nchito yatha, lendi yakwera, banja lisamuka, woyamba kuchotsedwa pa mndandanda ndi iye, amabwezedwa kumudzi monga mbale yobwereka phwando litatha. Ambiri amene amachita izi si anthu oipa mtima, amapemphera, amapereka chakhumi, ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti anamuthandiza mwanayo. Chimene chimasowa n'chakuti sanamuwerengepo ngati wawo.

Inu ndinu a ku Katete, mwambo muudziwa kuposa ine. Mwana wa mng'ono wanu ndi mwana wanu, mbumba imodzi, inu ndinu amai ake aakulu ndipo amake atapita amai amene anatsala ndi inu. Sanabwere kwanu ngati mlendo wopempha malo. Ngakhale lamulo la boma la 1989 logawa chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limapatula magawo 10 pa 100 a anthu amene malemuyo ankawasunga, kutanthauza kuti boma lomwe limamuwerenga mwana wotere ngati wa pakhomo.

Tiyeni tikambe za kumudzi kumene mufuna kumubweza. Ambuya ake ndi amai anu, ndipo ngati inu muli ndi zaka 54 iwo ali m'ma 70 kapena kuposa, afuna wowasamala iwo eni. Ndiye mtsikanayu sapita kukasungidwa, apita kukatunga madzi, kukatola nkhuni, kukalima, kukaphikira nkhalamba, sukulu izakhala ya nthawi yotsala. Masekondale kumidzi ali patali, atsikana ambiri amachita lendi tuzipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha popanda wamkulu wowayang'ana, ndiwo zikatha anyamata a njinga zamoto ndi a mashopu amakhala ali pafupi. Kafukufuku wa za umoyo wa dziko lino wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kale kapena ndi mimba, kumidzi 37 pa 100 pamene m'matauni 19. Inde kuyambira kumapeto kwa 2023 lamulo linaletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18 olo ukwati wa mwambo, koma lamulo silizakhala naye pa njira ya ku chitsime madzulo, ndipo mimba siidikira ukwati. Mukazamva chaka chamawa kuti ali ndi pakati muzati ana a masiku ano samva, osakumbuka amene anamukweza basi ku Intercity.

Olo atakhala mwana wolimba mtima n'kupitiriza sukulu kumeneko, kusintha sukulu mu Giredi 11 kumapweteka. Maphunziro amene atenga kuno mwina sukulu ya uko ilibe, kapena ilibe labu, kapena anzake ali patsogolo pa silabasi, ndiye amayambanso zina patatsala miyezi yochepa. Ndipo musanene za ndalama, kuyambira 2022 ku sukulu za boma salipira fizi mpaka Giredi 12, chimene mwanayu afuna kwa inu ndi pogona, nsima, yunifomu ndi ya basi. Banja limene lingatulutse K30,000 ya puloti yosaoneka silingalephere zimenezo.

Ndionjezere ichi chifukwa ena azandilembera kuti mai ameneyu anachita kale mbali yake, anamusunga zaka zonsezi. Kusunga mwana mpaka Giredi 11 n'kumusiya opanda satifiketi, pa nchito palibe amene azamufunsa kuti unafika giredi chani, afuna pepala. Zaka zonse zimene munamudyetsa zizawerengedwa pa mayeso a Okutobala ndi Novembala chaka chamawa, ndipo iye naye analipira kale ndi manja ake pakhomo panu.

Ndiye chochita ndi ichi. Nyumba isagulitsidwe ndipo banja lisasamuke mpaka mwana alembe Giredi 12, zimenezi muwauze amuna anu pamaso pa ankhoswe tsiku lomwe mukamba za maliro onama aja. Ngati mphepo yawakulira apite okha akachite lendi chipinda ku Siavonga mu Juni ndi Julayi, kenaka abwererekonso mu Okutobala akakhale mwezi wathunthu, akabwera akufunabe ndiye mukhale pansi, ndipo olo pamenepo nyumba ya ku Chelstone muikemo wa lendi osagulitsa. Pa matauni atatu aja ine ndikanasankha Livingstone chifukwa cha chipatala ndi mwana wanu, bola mudziwe kuti mabulangeti muzapita nawo.

Ngati amuna anu aumirira ndipo mwalephera kuwaletsa, muli ndi ana atatu akuluakulu amene mtsikanayu ndi mng'ono wawo, mmodzi amutenge chaka chimodzi chabe, kapena mumupezere malo ku bodingi, kapena mupite naye. Muitanenso amalume ake adziwe, si nkhani yomaliza inu nokha. Koma choyamba, lero lomwe, muitaneni mukhale naye pa mpando osati ataimirira pa khomo, mumuuze zonse zimene zikuchitika, mumufunse chimene iye afuna, ndipo sabata isanathe mupite naye ku sukulu mukaonane ndi aphunzitsi ake mumve mmene akukhozera.