Kodi Chipembedzo Chimamanga Kapena Chimapasula? Yankho la Agogo kwa Achinyamata

Adzukulu anga, funso limene mwandifunsali ndikuona kuti lakugawani pawiri. Ena mwa inu, makamaka amene mwapita patali ndi sukulu, mukunena kuti chipembedzo chabweretsa mavuto ambiri kuposa zabwino, kuti chimadyera osauka masuku pamutu ndi kudanitsa anthu. Ena mukuti popanda chipembedzo anthu akanatha kalekale kudyana okhaokha. Ndikuyankhani mosapsatira mawu. Kwathu kuno zabwino zimene chipembedzo chachita ndi zochuluka, koma zoipa zake zikabuka zimatenga miyoyo, ndipo kawirikawiri zimayambira pamalo amodzi, pamene munthu mmodzi wakwezedwa kufikira poti palibenso wolimba mtima kumufunsa.

Ndiyambe ndi inu onyozanu. Sukulu imene yakupatsani nzeru zotsutsira chipembedzoyo inabwera ndi anthu opemphera. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a ku Blantyre anakhazikika mu 1876, a Dutch Reformed anamanga ku Mvera mu 1889, ndipo kulikonse kumene anatula katundu anayamba ndi sukulu ndi kanyumba ka odwala. Boma la atsamunda linakhazikitsa nthambi yake yoona za maphunziro mu 1926, mipingo itaphunzitsa kale ana kwa zaka 50. Mpaka lero mayi wa ku Likoma, ku Mua, ku Malamulo kapena ku Embangweni matenda akamuyamba, chipatala chimene amathamangirako n'cha mpingo, ndipo zipatala za m'bungwe la CHAM, loyang'anira zipatala za mipingo yachikhristu, zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito zachipatala m'dziko muno. Sindikunena kuti amishoniwo analibe banga. Ambiri ananyoza miyambo yathu asanaimvetse, analimbana ndi gule wamkulu, ndipo a ku Blantyre m'zaka zoyambirira anafika pokwapula anthu ngati kuti iwo ndiwo boma. Koma onani bwino apa: nkhaniyo itamveka ku Scotland, mpingo wawo unafufuza n'kuchotsa ena mwa atsogoleriwo mu 1881, chifukwa pamwamba pawo panali owafunsa. Ndiponso amene anaimirira kukana thangata mu 1915 analinso mbusa, John Chilembwe wa ku Mbombwe.

Inu munabadwa pakamwa patatseguka kale, choncho simudziwa kuti ife tinakhala zaka zambiri tikucheuka tisanalankhule. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 atakana kugula makhadi a chipani, nyumba zawo zinatenthedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique osataya chikhulupiriro chawo. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo onse, yodzudzula kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, malipiro ochepa a antchito ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopiwo anaitanidwa kupolisi, ndipo Monsignor John Roche, mmodzi mwa amene anasaina kalatayo, anathamangitsidwa m'dziko. Chaka chomwecho mipingo ina pamodzi ndi Asilamu inagwirana manja m'bungwe la PAC (Public Affairs Committee) lokambirana ndi boma za kusintha kwa ndale, ndipo pa 14 Juni 1993 tinaponya voti yosankha zipani zambiri. Ufulu umene mukulembera zokhosi kwanu pa Facebook unadzera pa guwa.

Koma chimene ine ndimalemekeza koposa sichilembedwa m'mbiri. Pakagwa zovuta pamudzi, dzuwa lisanalowe mumaona amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika kapena a kumphakati akubwera m'mizere, wina mtolo wa nkhuni pamutu, wina kambale ka ufa kovundikira ndi nsalu. Amagona pansi m'nyumba ya siwa, akuimba usiku wonse kuti namfedwa asakhale yekha ndi mtembo, ndipo kukacha ndi iwo omwe amayatsa moto wophikira okumba manda. Palibe amene amawalipira. Anansi athu Achisilamu amachitanso chimodzimodzi ndi zakaat ndi sadaka zawo. Amene akunena kuti chipembedzo chilibe phindu ayambe wandiuza amene adzagwire ntchito imeneyi chikadzatha.

Tsopano ndikutembenukira kwa inu amene mumateteza chipembedzo mwachimbulimbuli, chifukwa anzanu aja sakunama pa zonse. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, mu 2000, anthu oposa 700 a gulu limodzi lachipembedzo anafa, ambiri mwa iwo atatenthedwa m'nyumba yopemphereramo. Ku Shakahola m'dziko la Kenya, kuyambira mu 2023, mitembo yoposa 400 inafukulidwa m'nkhalango, kuphatikizapo ya ana ambiri, ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya kufikira akaonane ndi Yesu. Musaganize kuti zimenezi n'zakutali. Chikuku chitavuta mu 2010, kwathu konkuno kunali mipingo imene inabisa ana kuti asalandire katemera, ndipo kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, anapezanso ena akukana kupita kuchipatala chifukwa cha chiphunzitso.

M'mudzi mwathu munali mayi wina wa ana atatu amene anadzuka pamphasa atayamba kumwa ma ARV, thupi linabwerera, mpaka anayambiranso kulima dimba lake. Kenaka anapita kwa mneneri wina amene anamuthira mafuta pamutu, namuuza kuti wachira ndipo kumwanso mankhwala ndiko kukayikira Mulungu. Anagulitsa mbuzi kuti abzale mbewu, monga momwe amatchulira zopereka zoterezi, n'kutaya mabotolo ake m'chimbudzi. Abale atamuchonderera, anawayankha kuti iwo ndi a mdima. Chaka chisanathe tinakamuika, ndipo mneneri uja sanaponde pamaliropo. Amene anachezera m'siwa ndi amayi a mpingo umene malemuyo anauthawa. Ndikakumbukira ana ake mtima umandiwawa mpaka lero.

China chimene chimandipweteka, ine monga wokalamba, ndi aneneri amene amauza wachinyamata kuti ntchito ikumusowa chifukwa agogo ake akumulodza. Mawu otere amapha. Ku Neno, mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la dziko lino, limene lakhalapo kuyambira mu 1911, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Wina akadzakuuzani zotere za kholo lanu, kaya wanyamula Baibulo kaya nsupa, tulukani m'nyumba mwake, ndipo akapitiriza mukamunene kwa mfumu ndi kupolisi.

Choncho musanakhazikike pa mpingo uliwonse, funsani, pakuti safunsa anadya phula. Funsani kuti ndalama za chopereka amawerenga ndani ndipo amalengeza liti. Funsani ngati pali akulu a mpingo, sinodi, episkopi kapena komiti ya pamzikiti imene ingathe kuitana mtsogoleriyo akalakwa, n'kumukhazika pansi. Mvetserani zimene amanena za chipatala, za sukulu ya ana aakazi, ndiponso za abale anu amene sapemphera nawo. Mtsogoleri amene amakwiya ndi mafunso, amene amakuletsani kudya nsima ya mayi anu kapena kupita ku maliro a amalume anu chifukwa ndi a chipembedzo china, akukudulani kwa anthu amene akanakuchenjezani tsiku loipa likadzafika.

Kwa inu amene mwasankha kusapemphera, malamulo aakulu a dziko lino amakupatsani ufulu umenewo, ndipo ine sindingakukokereni kutchalitchi ndi chingwe. Chimene ndikukupemphani ndi ulemu. Makolo anu akamapempherera chakudya dikirani amalize musanasambe m'manja, mnansi wanu akamasala m'mwezi wa Ramadan musamuseke, ndipo pakagwa zovuta pamudzi nyamulani khasu kapena mtolo wa nkhuni mukakhale pamodzi ndi anzanu mpaka mwambo wonse utatha.