Za mamendulo a Keyala, ndi nyenyezi ndinagula pa Lizulu ija

Sabata yatha kunabwera imelo yochokera kwa achimwene ena a ku Dedza, akuti pali munthu akuwatsatsa mamendulo anayi a nkhondo ati anali a msilikali wa Keyala, ndiye akufunsa kuti angadziwe bwanji ngati ali enieni kapena ofojala. Achimwene, imelo yanuyo ndinaiwerenga katatu ndipo tsiku limenelo sindinathe kuyankha, munandigunda pachilonda chomwe ndimayesa kuti chinapola kalekale.

Agogo anga aamuna, obereka mayi anga, anali a Keyala. Dzina lake lenileni ndi King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a kuno ku Nyasaland, koma kumudzi kwathu ku Ntcheu palibe ankavutika ndi chizungu chonsecho, aliyense ankangoti Keyala basi. Anawalemba usilikali ali mnyamata, anapita ku Zomba, kuchoka apo ku Kenya, kenako pa sitima ya pamadzi mpaka ku Ceylon, ndipo mu 1944 anali ku Burma ndi gulu la 11th East African Division, m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula. Za kuombana sankakonda kukamba ayi. Ankakamba za matope ofika m'mawondo, misundu yolowa m'jombo, malungo, ndi mnzawo wina wa ku Mulanje yemwe anamusiya komweko.

Mamendulo awo ankakhala m'chitini cha mabisiketi kunsi kwa bedi, atakulunga ndi kansalu. Munali nyenyezi ziwiri zamkuwa, 1939-45 Star ndi Burma Star, ndi imodzi yozungulira yoyera ya mutu wa King George VI, kuseri kwake mkango utaponda chinjoka. Munalinso mabatani a yunifolomu ndi kabuku kakang'ono komwe anawapatsa potuluka usilikali, kolembedwa nambala yawo, ndipo nambalayo ankaitchula pamtima mwachizungu ngakhale atakalamba osaonanso bwino. Mwezi wa Novembala ukakwana ankatulutsa chitini chija n'kukhala pakhonde, ine pambali, ndipo ankandilola kugwira riboni ya Burma Star, yofiira pakati, m'mbali buluu wakuda ndi timizere ta olenji. Inali itasuluka, m'mphepete itayamba kusosoka, ikununkha chinyezi ndi fodya.

Anatisiya mu 1998 ine ndili ku sekondale. Chitini chinapita kwa amalume. Ndiye kunabwera njala ya 2002 ija, amene munaiona simufuna kukumbutsidwa, ndipo m'midzi munkayenda anthu ogula zinthu zakale, masimbi a makala, mapulaimasi, ndalama zobooka pakati zija, chilichonse cha nthawi ya atsamunda. Mmodzi anafika pa njinga yamoto, anaona chitini, anapereka ndalama zomwe zinagula chimanga cha masabata awiri. Amalume sindiwaimba mlandu, anali ndi ana asanu akulira m'nyumba, ine ndikanakhala iwo mwina ndikanachita chimodzimodzi. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi kabuku kaja. Wogulayo sanakafune, anakasiya pamkeka, ndipo patapita masiku ana anakang'amba poseweretsa. Nambala ya agogo inapita choncho, ndipo palibe m'banja mwathu amene anailemba penapake.

Zaka zambiri pambuyo pake ndikuchokera ku Lilongwe ndinatsika pa Lizulu kuti ndigule mbatatesi ndi kabichi, ndipo mnyamata wina anandikokera pambali n'kutulutsa Burma Star m'kajumbo. Mtima unagunda achimwene. Ndinkadziwa kuti mwayi woti ikhale ya agogo ndi wochepa kwambiri, komabe ndinapereka ndalama osanenerera n'komwe. Kuseri kwake kunalembedwa dzina ndi nambala, ndipo mnyamatayo ankaloza pomwepo kuti onani bwana umboni ndi uwu. Bambo wina wachikulire amene wasunga zinthu zimenezi kwa zaka zambiri ataiona anangoitembenuza kawiri, n'kundipatsa galasi lokuzira kuti ndidzionere ndekha. Pankhope pake panali timaenje ting'onoting'ono ngati pa chigumu, zilembo za THE BURMA STAR zinali zofufuma zosathwa, ndipo m'mphepete monse munali kamzere kosonyeza pomwe mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Inali yosungunula n'kuthira. Zenizeni anazidinda ndi makina, n'chifukwa chake korona ndi zilembo zimaoneka zakuthwa ngakhale zitatha zaka 80. Ndipo dzina lija, lomwe linandikopa, ndi limene likanayenera kundichenjeza, chifukwa boma la Britain linapereka mamendulo a nkhondo yachiwiri opanda maina. A ku South Africa, India ndi Australia ndi amene ankadinda maina pa awo. Alipo asilikali ena omwe anakalembetsa okha pambuyo pake, koma dzina pa nyenyezi ya msilikali wa kuno si umboni ayi, likuyenera kukupangitsani kufunsa mafunso ambiri.

Nyenyezi yabodzayo ndikadali nayo, ili mu drowa. Ndipo kuyambira tsiku limenelo maganizo anga pa malonda amenewa anauma. Munthu wopanga mendulo yabodza n'kuikapo dzina la Mmalawi ndi wakuba, ndipo amene akumubera kwambiri ndi mwini dzinalo. Koma ngakhale ogula enieni oyenda m'midzi aja sindiwaona bwino, amadikira nthawi ya njala kapena ya fizi, amatenga chitsulo n'kusiya mbiri ya munthu pamkeka, ndipo katunduyo amakathera m'misika ya kunja komwe mdzukulu sadzamuonanso. Ine ndimati mendulo ya m'banja isagulitsidwe, zivute zitani, ndipo ngati zafika poti palibe kuchitira mwina, jambulani chilichonse pa foni kaye, mbali zonse, ndi mapepala omwe.

Tikamakamba za Keyala anthu amangoganiza za Burma, koma nkhondo yoyamba, ija akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya, inafika m'dziko muno mwenimweni, ku Karonga kunamenyedwa nkhondo ndi Ajeremani mu Seputembala 1914. Ndipo kupatula asilikali kunali amtengatenga, anthu miyandamiyanda otengedwa m'midzi kukasenza katundu pamutu, ambiri anafera m'njira ndi matenda ndi njala, mabanja awo alibe ngakhale batani loti n'kusunga. Ilipo mendulo ina, Africa General Service Medal, yomwe ina mwa iyo ili ndi kachitsulo kolembedwa NYASALAND 1915. Imeneyo inaperekedwa kwa omwe anathandiza kuthetsa kuukira kwa John Chilembwe, munthu yemwe miyezi ingapo m'mbuyo mwake analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Ndiye mukagwira chinthu chotere m'manja, mwagwira nkhani yolemera, ya Mmalawi wovala yunifolomu kutumidwa kukasaka Mmalawi mnzake. Mukapita ku Zomba kaimeni pa chipilala cha wotchi cha Keyala chija pafupi ndi Cobbe Barracks muwerenge maina, muona kuti ambiri analembedwa dzina limodzi lokha, nthawi zina lolakwika kalembedwe.

China ndisaiwale poti muli ku Dedza. Kumalire kuno, kuyambira Dedza mpaka Tsangano ndi Biriwiri, kukadali zotsalira za nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992. Wina akakubweretserani zipolopolo, bomba la m'manja kapena chitsulo chadzimbiri chomwe anachifukula kumunda ati ndi cha nkhondo yakale, musachigwire, musachiike m'nyumba, kauzeni apolisi. Zinthu zimenezi zimaphulika ngakhale zitakhala m'dothi zaka 30.

Tsopano za mamendulo anayi anuwo

Yambani mwafunsa kuti ndi a nkhondo iti. Ngati ndi a nkhondo yoyamba, British War Medal ndi Victory Medal zimakhala ndi zolemba m'mphepete mozungulira, nambala, udindo monga PTE. kapena CPL., dzina, kenako gulu monga 1/K.A.R., ndipo 1914-15 Star zolembazo zili kuseri. Zilembo zake ndi zodinda, zofanana msinkhu, osati zokanda ndi msomali kapena makina a zikho zampira. Yendetsani chala m'mphepetemo, ngati mbali ina yapyapyala ndiye kuti wina anapala dzina loyamba n'kuikapo lina. British War Medal ndi yasiliva, mamilimita 36 m'mimba mwake, yolemera magalamu 30 ndi kanthu, ndiye kasikelo kakang'ono kakuthandizani, yabodza kawirikawiri imapepuka. Tengani maginito a mu sipika yakale, mendulo ikamamatira ibwezeni pomwepo, koma kusamamatira pakokha sikukutsimikizirani kanthu. Unikani ndi tochi ya foni chammbali kufuna timaenje ndi kamzere ka chikombole ndanena kaja, komanso malo opalidwa kuseri, chifukwa makope ena ogulitsidwa movomerezeka amalembedwa COPY ndipo anthu amafufuta. Riboni yatsopano isakuopseni, mabanja amasintha ikatha. Dzimbiri ndi kuda nazo zisakukopeni, munthu amakwirira chitsulo m'dothi mwezi umodzi chimaoneka cha makedzana. Ndipo mukagula musakwecheko ndi phulusa kapena mchenga.

Koposa zonsezi mufunseni wogulitsayo kuti msilikaliyo anali ndani, wa mudzi uti, mfumu yake ndani, kabuku kake kali kuti, ndipo a kubanja akudziwa kuti zinthuzi zikugulitsidwa. Akayamba kuzungulira kapena kukufulumizitsani kuti pali mzungu akuzifuna mawa, msiyeni apite nazo. Akakutchulirani mudzi, kwerani kabaza mukafike, Dedza si yaikulu choncho. Ndipo musanapereke ndalama nditumizireni zithunzi pa imelo yomweyi, kumaso, kuseri ndi m'mphepete, makamaka nambalayo ioneke bwino.