Mwana wanga akufuna kusiya sukulu kuti akhale woimba ngati Celine Dion

Funso lachokera kwa mayi wina amene mwana wawo wamkazi ali Fomu 3. Mtsikanayu amatsogolera kwaya kutchalitchi ndipo tsopano akuti sukulu ikumuchedwetsa, popeza Celine Dion nayenso sanapite nayo patali koma dziko lonse likumudziwa. Mayiwa akufunsa kuti amuyankhe chiyani.

Mayi, poyamba musamutsutse pa nkhani ya sukuluyo, chifukwa akunena zoona. Celine Dion anasiyadi sukulu adakali wamng'ono. Koma mwana wanuyo wangomva mutu wa nkhani, ndiye khalani naye pansi mumufotokozere yonse.

Celine anabadwa mu 1968 ku Charlemagne, m'chigawo cha Quebec ku Canada, ndipo ndi chitsirizira pa ana 14. Makolo ake anali ndi kamalo kachisangalalo komwe banja lonse linkaimbira alendo, choncho anakulira pamaso pa anthu. Ali ndi zaka 12 anajambula nyimbo yomwe anapeka ndi mayi ake komanso mchimwene wake, n'kuitumiza kwa René Angélil, woyang'anira ntchito za oimba. Bamboyu anachita chikole nyumba yake kuti chimbale choyamba chituluke mu 1981. Mufunseni mwana wanu mofatsa kuti ndani angapereke nyumba yake chifukwa cha mawu ake.

Gawo limene ndimafuna achinyamata alimvetsetse ndi lotsatira. Pofika 1988 Celine anali atatchuka kale ndi nyimbo za Chifalansa, ndipo chaka chimenecho anapambana mpikisano wa nyimbo wa mayiko a ku Ulaya wotchedwa Eurovision ku Dublin poimira dziko la Switzerland. Komabe Chingerezi chinkamuvuta. Anabwerera m'kalasi, kusukulu ya zilankhulo ya Berlitz, kuti athe kuimba komanso kuyankha atolankhani, ndipo chimbale chake choyamba cha Chingerezi chinatuluka mu 1990. Nyimbo zodekha zachikondi zimene timavina pa maukwati kunozi zinabwera pambuyo pa kalasi imeneyo. Sanataye Chifalansa, anapitiriza kujambula m'zilankhulo zonse ziwiri, zothamanga ndi zofatsa zomwe, ndipo n'chifukwa chake achinyamata ndi makolo awo ankamumvera limodzi. Cha nthawi ya kalasi ya Chingereziyo mawu ake anawonongeka ali paulendo woimba. Dokotala wa zapakhosi anamupatsa zosankha ziwiri: opaleshoni, kapena kukhala chete osalankhula milungu itatu. Anasankha kukhala chete, kenako n'kuyamba kuphunzira kaimbidwe kwa mphunzitsi wa mawu ngati wongoyamba kumene. Munthu wotchuka kale, mayi.

Zotsatira zake mwana wanu akuzidziwa, kuphatikizapo zaka zimene ankaimba ku Las Vegas kuyambira 2003. Mu 2022 analengeza kuti ali ndi matenda oumitsa minofu ndipo anaimitsa maulendo ake. Ntchito yodalira thupi ndi yotero, tsiku lina thupilo limakana.

Tsopano za kwathu kuno. Maganizo anga ndi oti amalize MSCE, osati monga chilango, koma chifukwa ndi khomo lolowera ku maphunziro a nyimbo enieniwo. Yunivesite ya Malawi ku Zomba imaphunzitsa nyimbo ndi zisudzo, ndipo ku Lilongwe kuli Music Crossroads komwe achinyamata amaphunzira zida ndi kaimbidwe. Chingerezi ndi masamu asazipeputse. Oimba ambiri aluso amalira chifukwa chosaina mapepala omwe sanawamvetse, ena osadziwa n'komwe kuti nyimbo zawo zimayenera kulembetsedwa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, kuti zikamaseweredwa pawailesi alandirepo kanthu.

Pakadali pano kwaya asasiye. Aphunzire chida chimodzi, kiyibodi kapena gitala, ndipo ayesere nyimbo za mitundu yosiyanasiyana, osangokakamira yomwe imamukomera. Woimba amene angathe kuimba paukwati masana, kuhotela madzulo, mawa lake n'kukathandizira mawu mu situdiyo, ndi amene amapeza ganyu chaka chonse.

Chinthu chimodzi ndikupempheni inuyo. Akabwera munthu wolonjeza kumujambulitsa ulere kapena kumutchukitsa, musamulole kupita yekha. Mupite naye, kapena apite ndi malume ake, ndipo pepala lililonse libwere kunyumba liwerengedwe kaye asanasaine. Mugwirizane naye kuti Loweruka ndi la nyimbo bola zotsatira za mayeso a teremu zisatsike, ndipo za situdiyo mudzakambirane akalemba mayeso a Fomu 4.