Dokotala wolandira ndalama za kampani: timati wadya chiphuphu?

Funso: Ndimakonza pulogalamu ya zaumoyo pa wailesi. Magazini a madokotala amalamula olemba kafukufuku kuti anene ngati ali ndi conflict of interest. Mnzanga akuti tizingoti "ziphuphu", ine ndimati "mkangano wa zofuna". Wolondola ndani?

Yankho: Pepani, nonse awiri mwaphonya, koma mnzanuyo waphonya moopsa. "Mkangano wa zofuna" agogo kumudzi adzafunsa kuti akukangana ndani. "Ziphuphu" ndi mlandu, ndipo mukaunena pa wailesi za dokotala amene sanalakwe, mudzaonana kukhoti.

Nkhani yake ili ngati ya mfumu yomwe ikuweruza mlandu wa munda pomwe mmodzi mwa okanganawo ndi mphwake. Mwina iweruza bwino, koma anthu pabwalo ayenera kudziwa za ubalewo. Chichewa chili ndi kachida kabwino apa, kachidutswa ka -nga-. "Wakondera" ndi chigamulo. "Angakondere" ndi chenjezo chabe. Choncho nenani kuti "zinthu zomwe zingachititse wofufuza kukondera". Ndi mawu ataliatali, inde, koma omvera amva.

Zinthuzo ndi ziti? Fomu ya ICMJE, bungwe la akonzi a magazini azachipatala lomwe linayambira ku Vancouver mu 1978, imafunsa za miyezi 36 yapitayo: ndalama zothandizira kafukufuku, malipiro okayankhula pamsonkhano, masheya m'kampani ya mankhwala, ngakhale tikiti ya ndege yomwe kampani inakulipirirani.

Samalaninso ndi "kuulula". Timaulula chinsinsi kapena tchimo. Wofufuza amene akudzaza fomuyi amangonena poyera, ndiye "kunena poyera" ndi kumene kukuyenera. "Kuulula" musungire nkhani ngati ya Andrew Wakefield, amene mu 1998 analemba m'magazini ya madokotala ya The Lancet za ana 12, n'kuchititsa makolo kuopa katemera wa chikuku wa MMR. Sananene kuti ankalandira ndalama kudzera kwa maloya omwe ankakonzekera kusumira makampani opanga katemerayo. Mtolankhani Brian Deer ndiye anaulula zimenezi mu 2004, ndipo mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, Wakefield n'kulandidwa chilolezo cha udokotala ku Britain. Pamenepo mneni wake ndi "anabisa", ndipo mutha kuunena pa wailesi mosaopa.