Ma continued fraction opita m'tchire ndi zilembo zachilendo m'fayilo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa owerenga wina yemwe akuphunzira Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Mwachidule analemba kuti: "Ndalemba pulogalamu yopeza continued fraction ya √2. Buku likuti pambuyo pa 1 pazingobwera 2, 2, 2 osatha, koma kwanga zikafika cha pa nambala ya 20 zimasokonekera. Kenaka ndikafuna kusunga zotsatira m'fayilo, pamatuluka UnicodeEncodeError. Kodi kompyuta yanga ndi yowonongeka?"

Kompyuta yanu ili bwinobwino, achimwene. Mavuto ndi awiri, ndipo ndiyambira la masamu chifukwa ndi lomwe limandisangalatsa.

Continued fraction ndi kugawa kobwerezabwereza, kuja kwa Euclid, katswiri wa masamu wachigiriki wakalekale. Tengani 415/93. Mu 415 muli ma 93 anayi, kutsala 43. Mu 93 muli ma 43 awiri, kutsala 7. Mu 43 muli ma 7 asanu ndi limodzi, kutsala 1. Ndiye 7 pomaliza. Yankho ndi [4, 2, 6, 7], kutanthauza 4 + 1/(2 + 1/(6 + 1/7)). Onani kuti sitinagwiritse ntchito nambala ya dontho ngakhale imodzi.

Ndikuganiza kuti inu munalemba math.sqrt(2), n'kumachotsa gawo lathunthu, n'kumatembenuza chotsalacho ndi 1/x. Apa ndi pamene pagona nkhani. Float ya Python, yomwe ndi nambala ya dontho, imasunga manambala pafupifupi 16 okha olondola. Zomwe munayambira si √2 yeniyeni, ndi mnansi wake chabe. Kachilema kamene kali kumapeto kwenikweni kamakula kasanu ndi kupitirira pa sitepe iliyonse, moti pofika sitepe ya 20 kadya manambala onse 16 aja. Ndi math.pi n'chimodzimodzi: mumapeza 3, 7, 15, 1, 292, 1, 1, 1, 2, 1, 3, 1, 14 molondola, kenaka zoduka mutu.

Mankhwala ake ndi kusiyiratu float. Pa square root ya nambala n pali njira ya nambala zathunthu zokha:

a0 = math.isqrt(n); m, d, a = 0, 1, a0
m = d*a - m
d = (n - m*m) // d
a = (a0 + m) // d

Mizere itatu yomalizayo muibwereze mmene mungafunire; ulendo uliwonse a ndiye nambala yotsatira ya yankho. math.isqrt inabwera mu Python 3.8. Yesani n = 7, mupeza 2 kenaka 1, 1, 1, 4 zikuzungulira. Kuzungulira kumeneku si mwangozi, katswiri wa masamu Lagrange anatsimikiza mu 1770 kuti ma square root ngati √7, osatuluka nambala yathunthu, amatero nthawi zonse. Ndimakonda kuona zomwe 292 uja wa π amachita: ukaima iye asanafike, umapeza 355/113, fulakishoni yomwe Zu Chongzhi wa ku China anaipeza zaka za m'ma 400, yolondola mpaka manambala 6 pambuyo pa dontho. 22/7 ya kusukulu ija ndi mng'ono wake pamzere womwewo.

Tsopano la fayilo. Ndikuganiza kuti muli pa Windows ndipo munalemba open("zotsatira.txt", "w") basi. Mukapanda kutchula encoding, yomwe ndi njira yosungira zilembo m'fayilo, Python pa Windows nthawi zambiri imatenga cp1252, tebulo lakale la zilembo zosapitirira 256. Chizindikiro √ mulibe m'menemo, π mulibe. Lembani open("zotsatira.txt", "w", encoding="utf-8") ndipo kudandaulako kutha.

Koma chenjerani, pali mlongo wake wa vutoli amene sapereka error ayi, amangowononga mwakachetechete. Ine anandipeza ndikukonza mndandanda wa mayina, ndinangoona Malaŵi wasanduka MalaÅµi. Chilembo ŵ mu UTF-8 ndi ma byte (tizigawo ta deta) awiri, C5 ndi B5. Pulogalamu ina ikawawerenga ngati cp1252, imaona zilembo ziwiri, Å ndi µ. Momwemonso √ ndi ma byte atatu ndipo amatuluka âˆš, pomwe π amatuluka Ï€. Mukaona Å, Ã kapena â zili mbwee pamalo osayenera, dziwani kuti fayilo inalembedwa mu UTF-8 koma woiwerenga wavala magalasi olakwika. Fayiloyo ilibe vuto, musayambe kukonza pamanja chilembo chimodzichimodzi ngati mmene ndinachitira ine usiku wonse. Itseguleninso ndi encoding yoyenera. Ngati mawu owonongekawo anasungidwa kale, aikeni mu s, ndipo s.encode("cp1252").decode("utf-8") nthawi zambiri imawabweza.

Choopsa ndi errors="ignore" kapena errors="replace" zomwe anthu amalangizana pa intaneti. Error imachokadi, koma √ wanu watayidwa kapena wasanduka ?, ndipo kumeneko kulibe kobwerera.

Ngati zotsatirazo mukufuna kuzitsegula mu Excel ngati CSV, gwiritsani ntchito encoding="utf-8-sig". Imaika ma byte atatu, EF BB BF, koyambirira kwa fayilo, ndipo Excel ikawaona imadziwa kuti ndi UTF-8. Mukayesa, munditumizire ma nambala 30 oyamba a √61 tione ngati tikufanana.