Umhlonyane wa ku Faraday si LA

Mayi wina wa ku Rosettenville, muno mu Joni, wandilembera imelo. Akupita kumudzi ku Nsanje mu Disembala, ndiye wagula mitolo iwiri ya chitsamba chotchedwa umhlonyane pamsika wa mankhwala azitsamba wa Faraday. Akuti wogulitsa anamuuza kuti LA, mankhwala a malungo aja, amachokera ku chitsamba chomwechi. Funso lake n'lakuti: akamamwa madzi ake m'mawa uliwonse, malungo amulambalala?

Mayi, ayi ndithu. Wogulitsayo wasokoneza zitsamba ziwiri zapachibale.

Chimene chimachiza mu chomera ndi kemikolo inayake, ndipo chomera chilichonse chili ndi yakeyake. Artemether, mmodzi mwa mankhwala awiri a mu LA, amapangidwa kuchokera ku artemisinin, amene Tu Youyou ndi anzake anamupeza ku China mu 1972 m'chitsamba chotchedwa Artemisia annua. Tu Youyou analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2015. Umhlonyane wanuwo ndi Artemisia afra. Masamba amafananako, kuwawanso n'komweko, koma artemisinin mulibemo woti n'kupha tizilombo ta malungo. Ngakhale artemether weniweniyo sayenda yekha. Amatha m'magazi pakangopita maola ochepa, n'chifukwa chake anamuphatikiza ndi lumefantrine woti azitsiriza tizilombo totsala.

Musautaye umhlonyanewo. Muli camphor ndi cineole, yemwe amapezekanso m'masamba a bulugama. Tikitani tsamba limodzi ndi zala mununkhize, fungo lolasa m'mphunolo ndi iwowo. Ine chimfine cha mu Juni chikandigwira muno mu Joni, ndimawiritsa masamba, n'kufunda bulangete pamwamba pa poto, mphuno n'kutseguka. Koma mulinso thujone, yemwe akachuluka m'thupi amatha kuchititsa munthu kugwa ngati wakhunyu. Zomamwa tsiku ndi tsiku mwezi wathunthu, makamaka ngati muli oyembekezera, zisiyeni.

Poti ndinu a ku Chigwa cha Shire, mwina munamvapo za kombe, ulembe umene Amang'anja ankapaka kumivi. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi Livingstone cha m'ma 1860, anasunga mswachi wake m'thumba momwe munali kombe. Atatsuka m'mano anamva kuwawa, kenaka anaona kuti mtima wayamba kugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapatula strophanthin kuchokera mu njere zake, ndipo madokotala a ku Ulaya anachiza naye odwala mtima kwa zaka zambiri. Njere zomwezo zinkagwetsa nyama kutchire. Kusiyana kwake kunali muyezo basi, ndipo mtolo wa pamsika sunena kuti muli mphamvu yochuluka bwanji. Zimenezo zimasintha malinga ndi dothi, nyengo komanso kaumitsidwe kake.

Chinanso, Mayi: muno mu Joni simulumidwa ndi udzudzu wa malungo, choncho mukakhala zaka zingapo thupi limaiwala kulimbana nawo. Ku Nsanje nthawi ya dzinja mukafika ngati mlendo weniweni. Pitani kukiliniki musanakwere basi akakuuzeni za mapiritsi oteteza, mukagone m'neti, ndipo thupi likatentha, ngakhale mutabwerera kale kuno, kayezetseni tsiku lomwelo n'kuwauza anamwino kumene mwachokera.